Mbale ya Dinah pa Thandala la Usipa

Khuyu, Likoma
20 Ogasiti 2001

Mwana wanga Annette,

Landira moni pamodzi ndi amuna ako ndi mdzukulu wanga Tinenenji. Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa zaka. Mwera wawomba mlungu wonse, anthu sanalowe panyanja, ndiwo zasowa.

Nkhani yoyamba ndi ya chiliza cha mayi ako. Tagwirizana ndi abambo ansembe kuti adzachidalitse Loweruka pa 3 Novembala, mvula isanayambe. Mwala wolembedwa uja unafika bwino, dzina sanaphonye. Upemphe tchuthi msanga kuchipatala kwanuko.

Nkhani yachiwiri ndi imene yandilembetsa. Lachinayi ndili pakhonde kupala thabwa, ndinaona Enifa, mwana wa amalume ako a Augustine, akutulukira kunjira ya ku Yofu atasenza bokosi lachitsulo la mayi ako. Anatula, anagwada, akuti ada, ndiye kuti bambo ake, andituma ndikusiyireni ichi. Ndinafunsa ngati pali mawu ena. Akuti palibe. Zaka zisanu ndi ziwiri bokosi lili kwawo, lero likubwera lopanda mawu ngati mbuzi yobwerera yokha kukhola.

Iwe unabwerera ku Blantyre maliro atangotha, sunaone tsiku logawa katundu. Mwambo ndimaudziwa, zovala ndi ziwiya za mkazi zimapita kwa abale ake, ndipo sindinatsutse. Anatenga zitenje, miphika, makina osokera, ine chete. Pa bokosi pokha ndinapempha. Ndinauza amalume akowo kuti alamu, m'menemo muli mawu a mkazi wanga, ndisiyireni. Iwo anayang'ana kumbali n'kulikweza okha paphewa. Chiyambire tsiku limenelo sitinagwirane chanza, ngakhale nthawi yopatsana mtendere m'tchalitchi.

Mwina unaiwala chimene chili m'menemo. M'chaka cha 1963 kunabwera mzungu wina ndi makina ojambula mawu, n'kujambula kwaya ya kuno. Patapita chaka anatumiza mbale ya galamafoni imodzi yokha, ndipo kwaya inapereka kwa mayi ako chifukwa ndiye ankatsogolera. M'nyimbo yachitatu amaimba yekha ndime yonse. Ina ngati imeneyo sindikudziwa ngati ilipo padziko.

Nditatsegula, fungo lake linandibweza m'mbuyo. Mbale zilipo khumi ndi imodzi, khumi ndi za magule zimene amalume akowo ankatitumizira kale, ndipo zonse zayera ndi chuku. Zikwama zake zamapepala zadyedwa ndi mphemvu. Galamafoni yathu imene inali momwemo anaisiyira mabatire m'kati, anasungunuka, yonse ndi dzimbiri. Taganiza, munthu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitolo yogulitsa mbale ku Bulawayo, amene ankatikalipira tikagwira mbale ndi zala zamafuta, ndiye wasunga mawu a mlongo wake chonchi.

Tsono ndikupempha zinthu ziwiri. Ufunse kwa odziwa m'tauni mmene amachotsera chuku pa mbale osaiwononga. Ufufuzenso galamafoni yoyenda, ngakhale yobwereka. Ndikufuna tsiku la chiliza mayi ako aimbe yekha pamaso pa anthu, Tinenenji amve mawu a agogo ake amene sanawaonepo. Ndilibe china chimene ndikufuna chaka chino.

Ndine bambo ako,
Frederick

Ndirande, Blantyre
1 Seputembala 2001

Okondedwa Bambo,

Kuno tonse tili bwino. Bambo a Tinenenji akupereka moni. Tinenenji mwini wakeyo wachoka mano awiri akutsogolo, akuti ndikuuziretu kuti musadzamuseke.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachiwiri nditadzitsekera. Mbale ija sindinaiwale. Ndimakumbukira Lamulungu tikabwera ku Misa, inu muli pampando wanu, amayi akuthawira kuseri kwa nyumba chifukwa cha manyazi nyimbo yachitatu ikamayandikira.

Tchuthi andilola. Galamafoni ndaipeza kwa mnzanga wa kuntchito, ndi ya mabatire, inali ya malemu bambo ake ndipo singano yake ikadali yabwino. Za kutsuka, aliyense akunditchulira a Davis, mkulu wina wokonza mawailesi mumsika wa Limbe. Ndinapitako Lachiwiri koma ndinapeza potseka, akuti apita kumaliro ku Mulanje, abwera pakatha milungu iwiri. Ndiye chonde, Bambo, musazikhudze mbalezo. Ndimakudziwani, manja anu sakhala pansi. Wotchi yanga ija munaithira mafuta a injini ya boti, mpaka lero imanena kuti ndi folo koloko.

Za amalume ndilankhula ngati mwana, mundikhululukire. Enifa anandilembera chaka chatha kuti maso awo akutha. Mwina chukucho sanachione n'komwe. Ndipo bokosi silinadziyendere lokha kuchokera ku Yofu, wina anaganiza kuti libwere kwa inu. Kodi munatumiza mawu othokoza?

Mwana wanu,
Annette

Khuyu, Likoma
10 Seputembala 2001

Mwana wanga Annette,

Kalata yako yafika, ndakondwa kuti muli bwino ndi kuti galamafoni yapezeka. Mnzakoyo umuthokoze m'malo mwanga. Tinenenji umuuze kuti agogo ake nawonso atsala ndi mano ochepa, tidzasekana.

Ukuti ndithokoze. Munthu akakulanda malaya n'kudzakubwezera atang'ambika, umathokoza? Zoti saona ndinazimva, kuno anthu amalankhula. Bokosi analiona bwinobwino tsiku lija. Pa Pasaka ndinadutsana nawo pakhomo la tchalitchi ku Chipyela, mwana wawo atawagwira mkono. Anandiyang'ana kumaso n'kupitirira ngati ndine mlambe. Ndinawagwirira chitseko ine, sananene kanthu. Iwe unaphunzira za matenda, ine ndinalekezera sitandade folo, koma kunyozedwa ndimakudziwa.

Wotchi ija inali yakufa kale, usandinamizire.

M'mawa uliwonse ndimatsegula bokosi n'kuyang'ana. Chuku chikuoneka ngati chikukula, kapena ndi maso anga. Mbale ya mayi ako ndimaizindikira chifukwa ndi yaikulu kuposa zinzake, kapepala kake kapakati n'kofiira. Ndimangoiyang'ana ngati wodwala amene andiletsa kumupatsa madzi. Masiku atsala makumi asanu ndi anayi. Ndidikira sitima ibwere kawiri. A Davis akowo afulumire.

Ndine bambo ako,
Frederick

Ndirande, Blantyre
16 Seputembala 2001

Okondedwa Bambo,

Moni, ndikulemba mothamanga. Kalatayi sindiponya ku positi, ndapatsira a Frances a ku Mbungo amene akunyamuka mawa kubwerera kunyumba, kuti ikufikeni msanga.

A Davis ndawapeza. Ndi munthu wachifundo, anasiya wailesi ya kasitomala ili yotsegula n'kundikhazika pansi, akuti ndilembe zonse. Akuti chuku sichipha mbale msanga, chimene chimapha mbale ndi mwini wake. Ndinaseka ndikuganiza za inu.

Madzi akhale owiritsa, muwaziziritse, muwasefe pansalu yoyera. A m'nyanja ayi, akuti muli timchenga tosaoneka timene timakala mizere ya nyimbo. Mudonthezemo sopo pang'ono chabe. Mutenge nsalu yofewa kwambiri, mupukute mozungulira kutsata mizere, osati mopingasa, ndipo osasindikiza. Kapepala kapakati kasanyowe. Parafini ayi, phulusa ayi, sipiriti ayi. Mukatsukuluza muziimike m'nyumba, motsamira khoma, ziume zokha.

Chomaliza anachinena katatu mpaka anandigwira dzanja kuti ndichilembe ndi zilembo zazikulu. PADZUWA AYI. Akuti mbale ili ngati kandulo, ikangomva kutentha imafewa n'kupindika, ndipo ikapindika singano imangodumpha. Ndinawauza kuti kwathu pofika mwezi uno mwala umawotcha phazi. Anati ndiye ngakhale pafupi ndi zenera musaike.

Muyambe ndi za magule, ya amayi ikhale yomaliza dzanja litazolowera. Mundiyankhe mukangotha.

Mwana wanu,
Annette

Khuyu, Likoma
27 Seputembala 2001

Mwana wanga Annette,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Sitima yabwera kawiri, kawiri konse ndakoka bondo langali mpaka ku positi, kalata yako palibe. Kapena maliro a ku Mulanje sanathe. Masiku atsala makumi atatu ndi asanu ndi awiri, ndiye ndasiya kudikira.

Ndinakhala pansi n'kuganiza ndekha kuti chuku ndi chuku. Chikagwira chinangwa timatani? Timayanika. Chikagwira ukonde, mphasa, buku la nyimbo, mkanjo wa kwaya? Timatsuka, timayanika. Pachilumba pano palibe chonyowa chimene dzuwa linachilephera, ndipo sitinafunsepo munthu wa ku Limbe.

Ndiye lero m'mawa ndatsikira nazo kunyanja. Ndatsuka imodziimodzi pamadzi ofika m'mawondo, ndi sopo ndi chigamba cha malaya akale. Ukanaona mmene zatulukira, zakuda bii, zonyezimira ngati msana wa mlamba. Ya mayi ako ndaitsuka kawiri. Kapepala kofiira kasuluka pang'ono, koma dzina la kwaya likuwerengeka.

Thandala la anansi athu lili lopanda kanthu chifukwa usipa wasowa, ndiye ndaziyala pamenepo zonse khumi ndi imodzi. Azimayi opita kukatunga madzi anaima n'kumaseka, wina akuti, «A Frederick, usipa wanuwu ngwa mtundu wanji?» Ndinati ngwa ku Bulawayo, sudyedwa. Pamene ndikulemba pano zili padzuwa, lero lawala bwino, kulibe ndi kamtambo komwe. Uwauze a Davis asavutikenso. Amalume ako akamva kuti ntchito imene inawakanika iwo waitha kalipentala wa sitandade folo, sindikudziwa kuti adzayang'ana kuti.

Ndine bambo ako,
Frederick

Ndatsegulanso envulopu. Nditadya ndinagona pang'ono. Podzuka ndinapita kuthandala kuti ndizitembenuze. Annette, zonse zapindika. Ina yakhala ngati chipewa, ina ngati tsamba la mango louma. Ya mayi ako yadzuka mbali imodzi ngati funde, chala changa chikulowa pansi pake. Poinyamula inandiwotcha ngati chiwaya. Ndailowetsa m'nyumba. Sindikudziwa cholemba.

Khuyu, Likoma
3 Okutobala 2001

Mwana wanga Annette,

Moni. Kalata yako ya pa 16 yafika dzulo. A Frances anatsakamira ku Nkhata Bay, mwana wa mchemwali wawo anadwala, ndipo kalata inali m'chikwama masiku onsewa. Anabwera okha kudzapepesa. Ndinawerenga iwo ali pompo. Zilembo zako zazikulu zija ndinaziona.

Masiku awiri oyamba ndinkati wolakwa ndi amalume ako, chifukwa akanasunga bwino sindikanatsuka. Kenako ndinati ndi a Frances. Kenako iwe, kenako a Davis ndi maliro awo. Ndazungulira onse, ndabwerera pakhomo panga. Chuku chinakhala zaka zisanu ndi ziwiri osamupha mayi ako. Ine ndinangofuna masana amodzi.

Ndayesa kuika mbale pansi pa matiresi n'kugonera, sizinasinthe. Dzulo ndinakoleza makala m'simbi yositira zovala, ndinayesa pa imodzi ya magule nditaiphimba ndi nsalu. Yawongoka bwino, koma mizere yonse yafafanizika, yasalala ngati mwala wa m'madzi. Ndinathira makala pansi ndikuganiza zimene zikanachitika ndikanayamba ndi yofiira.

Galamafoni usatumize, umubwezere mwini wake. Chiliza tidzadalitsa chopanda nyimbo yake. Yatsala njira imodzi yokha, ndipo sindikuifuna.

Bambo ako,
Frederick

Yofu, Likoma
9 Okutobala 2001

Msuweni wanga Annette,

Ukadali moyo, kapena fumbi la Ndirande linakumaliza? Ife a kumiyala tilipo. Ndikanadikira kuti uyambe ndiwe kulemba, koma nkhani iyi ikundiyabwa, khala pansi.

Lachisanu m'mawa ndikutuluka kukataya madzi, ndinaona bambo ako ataima pansi pa mlambe wa kuseri kwathu, atafungatira chinthu chokulunga m'chitenje. Ndinati lowani, akuti ndikupuma. Ndinaphika tiyi, ndinasesa, ndinasuzumira, akadali pompo, nkhuku zawazolowera. Dzuwa litafika pamutu ndi pamene anabwera pakhonde.

Ada anali akusoka ukonde, paja ntchito imeneyi amaichita ndi zala zokha tsopano. Bambo ako anaima patsogolo pawo osalankhula, nkhope itauma, kudikira kuti awayang'ane. Ada anangoti, «Enifa, ndani waima apa akunditchinga kamphepo?» Ndinaona bambo ako akusintha. Anatambasula dzanja n'kuligwedeza pamaso pa ada, kawiri. Maso a ada sanaphethire. Kenako bambo ako anakhala pansi, osati pampando umene ndinawapatsa, pansi penipeni, n'kunena kuti ndine mlamu wanu, ndabwera ndi mlandu.

Anawaika mbale m'manja. Ada anaiyendetsa zala kuzungulira m'mphepete, anainunkhiza, n'kufunsa chimene chinachitika. Bambo ako anafotokoza, ada n'kunena kuti:

«Alamu, mwayanika mlongo wanga ngati usipa?»

«Munayamba ndinu kumuvundika ngati chinangwa,» anatero bambo ako.

Ada anafunsa kuti kuvundika kwake n'kotani. Apa ndiye nkhani inandigwera ine, msuweni. Chuku sankachidziwa. Maso atayamba kuvuta anandiuza kuti bokosi ndiike pouma. Chaka chija denga la kuchipinda linadontha ndinalisamutsira m'chisakasa cha maukonde, n'kuiwala. Atamva za chiliza anati kalipereke, ine ndinangolipukuta pamwamba n'kusenza. Ndinaulula pamaso pa onse awiri. Anandikalipira mogwirizana, koyamba kugwirizana chichokereni aunti.

Ukukumbuka mawindo athu awiri aakulu aja, amene ada anabwera nawo patchuthi kuchokera ku Bulawayo atawakulunga m'mabulangete, amene sitinkaloledwa kuwakhudza? Ada anauza bambo ako kuti ndinu kalipentala, zulani magalasiwo. Bambo ako anakana, akuti mvula ili pafupi. Ada anati, «Ine mawindo ndimaonerapo chiyani?»

Koma anayamba ndi kutsuka kachiwiri, akuti ukapanikiza mbale ili ndi mchenga, mchengawo umalowa mpaka kalekale. Ndinawiritsa madzi, ndinasefa, ndinang'amba thewera lakale la mwana wanga lofewa lija. Ada amatsata mzere ndi chala, akamva kanthu amaima n'kunena kuti apa, bambo ako n'kupukuta. Mbali imodzi inawatengera masana onse. Itauma m'nyumba, anaiika pakati pa magalasi awiri aja. M'mawa dzuwa lisanakwiye amaitulutsa pang'ono kuti ifunde, kenako amathamangira nayo mkati, kusanjika thabwa pamwamba ndi miyala ya ukonde, n'kuisiya masiku. Wotchi palibe, ndiye ada amayeza nthawi poimba nyimbo ya m'buku ndime zonse kawiri. Bambo ako amati mukufulumira, ada amati mukanadziwa nthawi sitikanakhala pano. Amabwera tsiku lililonse, bondo lomwelo, ndipo amadya kuno.

Ngati itheke sindikudziwa, ada akuti sakulonjeza. Koma zimene anakulembera zoti usatumize galamafoni usazimvere. Itumize pa sitima ikubwerayi, ndipo usapatsirenso munthu wa achibale ambiri m'njira. Undibweretsere mpango, wakuda ayi.

Msuweni wako wokongola kuposa iwe,
Enifa

Khuyu, Likoma
25 Okutobala 2001

Mwana wanga Annette,

Landira moni, iwe ndi amuna ako ndi Tinenenji. Kalata iyi mwina mudzadutsana nayo panyanja, koma sindingathe kusunga mpaka ubwere.

Galamafoni inafika bwino. Sunandimvere, wachita bwino.

Mbale tinaifunditsa katatu. Kachitatu galasi limodzi linang'aluka pansi pa miyala, ndinamva kulira kwake ndili panja. Amalume ako anati tisakhudze kanthu mpaka masiku asanu akwane. Masiku amenewo sindinadye bwino. Dzulo m'mawa tinachotsa miyala. Galasi lasweka pakati, koma mbale ilibe bala. Anaiika pathebulo n'kuyendetsa dzanja pamwamba. Anati sinagone yonse, katsala kamtunda kumphepete, ndipo kupitirira apa tiipha.

Tinaika galamafoni pakhonde, mumthunzi. Enifa anaika mabatire, ine ndinatsitsa singano chifukwa ndine ndili ndi maso. Inayamba kuthetheka ngati moto wa mapesi, kwaya n'kulowa. Isanathe mzere woyamba singano inadumpha. Ndinabwezera, inadumphanso pomwepo. Ndinati basi, alamu, tayesa. Iwo anati ndisiye kulira msanga, ndiwapatse tambala imodzi. Anafufuza mutu wa singano ndi chala n'kusanjikapo kandalamako kuti kalemere. Inakwera kamtunda kaja, inatsika, inapitirira.

Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Anthu odutsa anayamba kuima kumpanda. Kenako yachitatu.

Annette, ndinali nditaiwala kuti anali mtsikana. Zaka zonsezi m'mutu mwanga ndimamva mawu ake a kumapeto, otopa aja, oitana madzi. Amene anatuluka m'galamafoni ndi Dinah wa zaka makumi awiri ndi zinayi, amene ndinkamudikira panja pa tchalitchi ndikunamizira kukonza benchi. Chifukwa cha kupindika kuja, mawu amakwera pang'ono n'kutsika pang'ono, ngati akuimba ali m'bwato. Limenelo ndi dzanja langa, lidzakhalapo mpaka kale. Koma liwu lililonse likumveka, ngakhale pamene amakoka mpweya asanayambe mzere womaliza. Kumeneko ndinali ndisanakumvepo.

Nyimbo inatha. Enifa analowa m'nyumba. Ndinatsala ndi amalume ako, ndipo ndinafunsa funso limene ndalisunga zaka zisanu ndi ziwiri, kuti tsiku lija munandikaniranji. Anati, «Inu munakhala naye zaka makumi atatu m'nyumba imodzi. Ine zaka zimenezo ndinali kwa eni, ndikugulitsa mawu a anthu ena. Pobwera ndinapeza akudwala. Ndinafuna nanenso nditsale ndi kanthu.» Anati anaimvera kamodzi kokha, sanathe kuimaliza, anatseka bokosi. Sanapepese. Inenso sindinapepese. Ndinati mukanandiuza. Anati mukanandifunsa m'malo molumbira pamaso pa anthu. Zoti ndinalumbira sindikukumbuka, koma mwina.

Usaganize kuti zonse zatha mumtima, zaka zisanu ndi ziwiri n'zambiri, ndipo makina osokera aja akadali kundiwawa. Koma ndakhala ndikuwerenga anthu amene andinyamula pa nkhani iyi, ine wopusa amene ndinayanika mkazi wanga pa thandala. A Davis amene sandidziwa, ukawauze kuti mawu awo anali oona onse. Mnzako wa galamafoni. Enifa amene wandiphikira milungu itatu ndikumukalipira. Iwe. Ndi munthu wosaona amene anazula mawindo a nyumba yake mvula ili pakhomo. Panopa ndikuwakhomera zitseko zamatabwa, galasi lotsalalo ndabwezera kuchipinda kwawo. Ngati ungapeze galasi ku Blantyre loti lingapirire ulendo, muyeso ndalemba kuseri kwa pepalali.

Pa 3 mayi ako adzaimba. Abambo ansembe avomera kuti tiike galamafoni pambali pa chiliza akatha kudalitsa. Ubweretse mabatire ena, awa tawatha, tinabwereza kasanu.

Chinanso. Usiku sindinachiganize, ndachiganiza m'mawa uno ndikuyenda, ndiye usati ndi chisoni chabe. Mwambo ukatha, mbale sibwerera ku Khuyu. Ine ndili ndi chithunzi cha ukwati pakhoma, ndimamuona tsiku lililonse ndikamamwa tiyi. Amalume ako atsala ndi makutu okha. Ikakhala ku Yofu, m'chipinda chouma, choimirira, ndipo shelefu yake ndikhoma ndekha. Galamafoni yathu yadzimbiri ija upite nayo kwa a Davis, mwina angaidzutse. Ine ndizipita Lamulungu tikatuluka ku Misa, njira ndaizolowera, ndipo pafunika munthu wamaso wotsitsa singano.

Usawauze ukafika. Ndidzawauza ndekha, akayamba andipsetsa mtima kaye kuti zisaoneke ngati ndafewa.

Ndine bambo ako,
Frederick